Alendo a ku Chapel-le-Dale

Pa sukulu ya misyoni pamene ndinaphunzira, m'cipinda cosungiramo mabuku, munali cithunzi cakale copacikidwa pamwamba pa citseko. Cinali cithunzi ca ulalo wautali wa miyala, woima pa mizati yambiri pakati pa cipululu, ndi sitima yofuka utsi irikuoloka pamwamba pace. Pansi pa cithunzico panalembedwa liu limodzi lokha, Ribblehead. Palibe mphunzitsi anatiuzapo kanthu za ico, ndipo ife ana tinangoyesa kuti zotere zimamera zokha m'dziko la Azungu, monga umo bowa amamerera pa culu. Sindinaganizepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti panali anthu amene anasenza miyala imeneyo, kapena kuti anthuwo anali ndi akazi ndi ana.

Tsopano ndine mlembi m'ofesi ya Boma, ndipo kwa zaka 11 nchito yanga yakhala yolemba m'kaundula maina a obadwa ndi a akufa. Caka cina akulu a nchito ananditumiza ku Leeds, m'dziko la England, kukaphunzira kasungidwe ka mabuku a Boma kwa miyezi itatu. Tsiku lina pa siteshoni ya mzindawo ndinaona pa khoma ulalo womwe uja wa pa ubwana wanga, ndipo nditafunsa anandiuza kuti sitima yopita ku Carlisle imaoloka pomwepo masiku onse. Loweruka lotsatira ndinagula tikiti. Anzanga amene anafikako ku England amasimba za London ndi masitolo ace. Koma ine ndikusimbirani za kamudzi kamene nyumba zace mungathe kuziwerenga muli ciimire pa malo amodzi, pakuti ngakhale ndinapita kukaona ulalo, cimene ndinabwera naco mumtima ndi kamudziko.

Dzina lace ndi Chapel-le-Dale, ndiko kunena kuti kachalichi ka m'cigwa. Kali kumpoto kwa England, m'cigawo ca North Yorkshire, pakati pa mapiri awiri: Ingleborough, la mapazi 2,372, ndi Whernside, la mapazi 2,415. Munthu wotsika sitima pa siteshoni ya Ribblehead ayenda mailosi ngati awiri pa mseu wolowera kumwera cakumadzulo kuti akafikeko. Akapitirira mailosi ena anai afika ku Ingleton, mudzi waukulu umene kamudzika kali pansi pace pa za Boma. Musaganize za mudzi monga wa kwathu, wa nyumba zoyang'anana ndi bwalo pakati. Kumeneko kuli kachalichi, nyumba zowerengeka, nyumba ya alendo yochedwa Old Hill Inn m'mbali mwa mseu, ndi mafamu omwazikana m'munsi mwa mapiri, famu iri yonse payokha. Mitengo ndi yocepa. Dziko lonse ndi la udzu waufupi ndi nkhosa, logawidwa ndi mipanda ya miyala yosanjikizidwa popanda dothi kapena simenti, imene ikwera phiri molunjika kufikira itabisika m'mitambo.

Mwala wa kumeneko ndi wa laimu, umene madzi amaudya pang'onopang'ono, kotero kuti pansi ponse pali mapanga ndi maenje. Mtsinje wa m'cigwamo umalowa pansi, nuyenda mumdima, nukaturukanso kumunsi pa malo ochedwa God's Bridge. Ndinaima pa khwawa louma, ndipo ndinamva madzi alikulira pansi pa mapazi anga. Kukadakhala kwathu, malo otere akadakhala ndi kacisi, ndipo ana sakadaloledwa kufikapo okha. Koma kumeneko ndinakomana ndi anthu ambiri a ndodo m'manja ndi zikwama kumsana, amene amadza kucokera kutali kudzakwera mapiri atatu, awiri aja ndi Pen-y-ghent, tsiku limodzi. Safuna nkhuni, satsata mbuzi yotayika. Angokwera, natsika, napita kwao okondwa. Izi sindinazimvetse kufikira lero.

Anthu akhala m'cigwamo kuyambira kale lomwe. Mseu wa Aroma wocokera ku Bainbridge unadzera komweko kupita ku Ingleton. Pambuyo pace kunafika anthu a ku maiko a kumpoto, tsidya la nyanja, amene anasiya mau ao m'maina a mafamu monga Southerscales ndi Winterscales, pakuti liu lotsirizalo linali kuchula msasa wa abusa m'cinenero cao. M'caka ca 1751 lamulo linaloleza mseu wolipiritsa wa pakati pa Richmond ndi Lancaster, ndipo oyendetsa ng'ombe za malonda anali kupumula pa Gearstones, kumtunda kwa cigwa. Kachalichi ka St Leonard kamene kalipo lero ndi ka m'zaka za m'ma 1600. Manda ace anali aang'ono, olingana ndi mudzi umene maliro amacitika kamodzikamodzi.

Njanji inadza cifukwa ca mkangano wa makampani awiri, ndipo mkanganowo sunali wa eni cigwa konse. Kampani ya Midland Railway inafuna kufikitsa anthu ndi katundu ku Scotland, koma njanji yace inathera pa Ingleton. Kupitirira apo inali m'manja mwa kampani ina, London and North Western Railway, imene sinakondwere naye mnzace wolimbirana naye malonda. Pa Ingleton panali masiteshoni awiri, ina tsidya lino la cigwa, ina tsidya lija, ndipo panali nthawi imene apaulendo anali kutsika sitima ya kampani imodzi, nayenda pansi ndi akatundu ao, kutsetsereka ndi kukweranso, kuti akakwere ya inzace. Potopa nazo, a Midland anapempha Nyumba ya Malamulo kuti iwalole kumanga njanji yaoyao kucokera ku Settle kufikira ku Carlisle, mailosi 72, ndipo analoledwa m'caka ca 1866. Posacedwa ndalama zinabvuta m'dziko, makampani awiri aja anayamba kumvana, ndipo a Midland anabwerera ku Nyumba ya Malamulo kukapempha kuti nchitoyo ilekeke. Koma m'caka ca 1869 Nyumbayo inakana. Cotero njanji imene eni ace sanaifunenso inamangidwa ndithu, kupyola m'mapiri ndi m'madambo obvuta zedi. Ine munthu wa m'ofesi izi ndizidziwa bwino: pepala likasainidwa limakhala ndi mphamvu yoposa munthu amene analisaina.

Mmisiri wamkulu wa kampaniyo anali John Sydney Crossley. Kumutu kwa cigwa kuli dambo lalikulu lochedwa Batty Moss, ndipo njanji inayenera kuoloka pamwamba pace. Mwala woyamba wa ulalo unaikidwa mu October 1870, ndipo nchito inatenga zaka zinai. Ulalowo uli ndi zipata 24 zokhota pamwamba ngati uta. Utali wace ndi mayadi 440, msinkhu wace mapazi 104. Maziko ace anakumbidwa mapazi 25 kupyola matope kufikira thanthwe. Mukawerenga mizati, wacisanu ndi cimodzi uli wonse ndi wonenepa kuposa inzace, kuti wina ukagwa usagwetse ulalo wonse. Patsogolo pang'ono njanji ilowa m'phiri la Blea Moor, m'mphanga ya mayadi 2,629 imene anthu anaiboola ndi manja ndi zophulitsira miyala, poona ndi makandulo. Sitima za katundu zinayamba kuyenda mu 1875, ndipo za anthu pa 1 May 1876.

Izi ndi zimene buku liri lonse la njanji lingakuuzeni. Tsono za anthu.

Ogwira nchito pa njanji yonse anafika 6,000, ndipo mazanamazana a iwo, pamodzi ndi akazi ndi ana, anakhala pa dambo lomwelo la mphepo, m'nyumba za matabwa zofoleredwa ndi nsaru zopaka phula. Kalembera wa anthu wa 1871 anawapeza kumeneko: ena ocokera m'zigawo zakutali za England, ena a ku Wales, ku Scotland ndi ku Ireland. Komboni yaikulu inali Batty Green, ndipo m'menemo munali masitolo, sukulu, positi, nyumba ya mapemphero ndi nyumba za mowa. Makomboni ena anawapatsa maina amene aonetsa kuti anthuwo, ngakhale anali m'matope, sanaleke nthabwala. Sebastopol ndi Inkerman anali maina a malo a nkhondo ya ku Crimea; Jericho ndi Jerusalem anawatenga m'Buku Lopatulika; ndipo Belgravia ndi dera la anthu acuma ku London, monga ngati munthu achula msasa wace wa maudzu kuti Kabulonga. Matope anali akuya kotero kuti ngolo zina anaziika migolo m'malo mwa mawilo kuti zisamire. Mphepo ikakula, omanga sanali kutha kuima pamwamba pa mizati.

Ndinayenda pa malo a makomboniwo, ndipo palibe nyumba yatsala ngakhale imodzi. Pali timitumbira ndi timigula tokutidwa ndi udzu, ndipo nkhosa zirikudya pamenepo. Nchito itatha anthu anapasula matabwa ao, napita kumene kunamveka nchito ina. Otsala ndi amene anatsitsidwa ndi ngolo mailosi awiri aja kunka ku Chapel-le-Dale.

Ena anagwa pa mizati, ena anapsinjidwa ndi ngolo kapena miyala, ena anafa pa ndeu za mowa. Koma amene anapha ambiri ndi matenda, makamaka nthomba, imene inalowa m'makomboni m'caka ca 1871, kotero kuti anamanga cipatala capadera pa Batty Green. M'zaka zowerengekazo kachalichi kaja kanalandira maliro oposa 200, ndipo ambiri anali ana aang'ono. Manda anadzala, anawakuza, kampani ya njanji inathandizapo ndi ndalama. Taganizani, owerenga anzanga, mudzi wanu wa nyumba zocepa utafikiridwa ndi alendo osadziwika mtundu wao, aphokoso, akumwa, obwera ndi nthenda yoopsa, ndipo sabata ndi sabata alikugogoda kupempha malo m'manda a makolo anu. Sindinena kuti eni mudzi anakondwera nazo. Koma malowo anaperekedwa.

Ndinafika pa kachalichiko mvula irikuwaza, nsapato zanga za ku ofesi zitanyowa kotheratu. Citseko cinali cosakhoma. Mkati ndi mocepa kuposa kalasi limodzi la sukulu yathu ija. Pa khoma pali mwala woyera wolembedwa, umene anaugula anchito anzao pamodzi ndi kampani, wokumbutsa iwo amene anafa pa ngozi pomanga njanji pakati pa Settle ndi Dent Head. Ndinauwerenga kawiri, ndipo monga mlembi ndinaona cimene cinasiyidwa: mwalawo unena za ngozi zokha, osati za nthenda, za anchito okha, osati za akazi ndi ana, ndipo sucula dzina ngakhale limodzi. Panapita zaka zoposa 120, kufikira m'caka ca 2000, pamene anthu a mpingowo anaika cikumbutso cina kunja m'manda, cochula amuna, akazi ndi ana, akufa pa ngozi ndi pa matenda omwe. Pansi pamenepo ndi udzu wosalala. Ambiri a iwo alibe mwala wa pamutu.

Ndiri ciimire, munalowa mai wina wokalamba ndi maluwa m'manja. Ndinacita manyazi cifukwa ca madzi amene ndinadontheza pansi, koma iye anangondifunsa kumene ndinacokera ndi nchito yanga. Nditamuuza, anaseka nati, "Ngati ndinu mlembi, bambo, ndiye kuti mwadzera maina." Anandionetsa mapepala pamene anakopera maina a m'buku la maliro la mpingowo.

Buku la maliro la ku England liri ndi mizere yocepa: dzina, kumene munthu anali kukhala, tsiku loikidwa, zaka zace, ndi amene anatsogolera mwambo. Ndinakhala pa benchi ndi kutsata mizereyo ndi cala. Pa mzere wa kokhala panali maina aja a makomboni, mobwerezabwereza. Pa mzere wa zaka panali ambiri amene sanawerengedwe ndi zaka, koma ndi miyezi kapena masabata. Pena dzina la banja limodzi linaoneka kawiri, masiku oyandikana. Ndinaganiza za munthu amene anagwira colembera, m'nyengo ya cisanu, pamene maliro anali kutsatana, ndipo akufawo sanali ana a mpingo wace, ndiponso abale ao anali oti mawa acoka osabweranso. Palibe akadamfunsa akadalumpha mzere. Koma anafunsa dzina, nafunsa zaka, nalemba.

"Alipo amene amabwera kudzafuna ao?" ndinafunsa.

"Amabwera, bambo," anatero maiyo. "Adzukulu a adzukulu. Sindingathe kuwalozera pamene pali munthu wao, koma ndimawauza kuti ali muno, pakati pa mpanda uwu ndi uwo. Ambiri zimawakwanira."

Apa ndiyenera kunena za kwathu. Ambuya anga, amai ao a amai, anali ndi mlongo wao wamkulu amene anacoka pamudzi m'caka ca 1957 kunka kumwera kukafuna nchito, monga anali kucitira anyamata ambiri a kum'mawa masiku amenewo. Anatumiza makalata awiri ndi bulangete limodzi. Pambuyo pace kunali zii. Patapita zaka, munthu wina wobwerera kwao anadzera pamudzi nati anamva kuti mnyamatayo anamwalira pa nchito yomanga, koma sanadziwe malo ace, ndiponso kumeneko anali kumchula dzina lina. Maliro sanalire, pakuti munthu salira mphekesera. Ndipo sanaleke kuyembekeza, pakuti mchona amabwera ngakhale imvi zitamera. Ambuya tsopano apyola zaka 80, koma galimoto lacilendo likaima pa mseu amaturukabe kukaona. Dzina lace sindilemba pano, ndi la pa banja pathu. Koma m'kachalichi muja ndinazindikira kuti kwinakwace kunali mlembi amene anamuona kapena kumva za imfa yace, ndipo zonse zinatsamira pa mlembiyo, ngati anafunsa kapena sanafunse.

Ndipo sindinathe kumweruza mlembi ameneyo, cifukwa ndinakumbuka za ine mwini. Miyezi ingapo ndisanapite ku Leeds, tsiku Lacisanu madzulo, nthawi yoweruka itayandikira, kunabwera mnyamata wa fumbi la simenti m'tsitsi kudzanena za imfa ya mnzace amene anali kugwira naye nchito yomanga. Ndinamfunsa dzina la womwalirayo, ndipo anachula dzina limodzi lokha, looneka kuti linali la pa nchito. Ndinamfunsa mudzi ndi mfumu, nati sadziwa bwino, koma aganiza kuti ndi wa cakumpoto. Anayamba kufotokoza zina zimene mnzaceyo anali kusimba usiku, za mtsinje wa kwao ndi za mlongo wace. Ine ndinayang'ana koloko. Ndinalemba dzina limodzilo, ndi kujambula kamzere pa malo otsalawo, ndi kutseka buku. Lamulo sindinalakwire ai, kamzere nkololedwa. Koma mnyamatayo anali ndi zina zoti anene, ndipo ine ndinali ndi basi yoti ndikwere.

Pobwerera ku siteshoni ndinadzera pansi pa ulalo, ndi kugwira mwala wace ndi dzanja. Pang'ono ulalowo ukadasiyidwa. M'caka ca 1983 akulu a British Rail analengeza kuti afuna kutseka njanjiyo, ponena kuti kukonza ulalo wa Ribblehead kudzadya ndalama zambiri. Anthu zikwizikwi analemba kukana, ndipo mu April 1989 Boma linagamula kuti njanji ikhalebe; ulalo unakonzedwa, ndipo sitima zirikuyendabe. Pakati pa okanawo panali garu, dzina lace Ruswarp, amene anadinda phazi lace pa pepala popeza anali kukwera sitimayo ndi tikiti. Mwini wace, Graham Nuttall, anamwalira m'mapiri a ku Wales mu 1990, ndipo garuyo anapezeka ali pambali pa mtembo patapita masabata 11. Lero cifanizo cace ca mkuwa ciri pa siteshoni ya Garsdale, patsogolo pa njanji yomweyo. Sindimcitira nsanje garuyo, anali wokhulupirika koposa anthu ambiri. Koma ndinaona kuti apaulendo ambiri adziwa dzina lace, pamene la mmodzi wa 200 aja palibe angalichule.

Nditabwerera kuno ndinapita kumudzi, ndipo ndinawasimbira ambuya zonse, ndi kuwaonetsa zithunzi. Ulalo sanaucite nao kanthu. Anayang'anitsitsa cithunzi ca manda, nafunsa kuti, "Iwe, eni mudziwo amalimirako?"

"Amachecha udzu, ambuya," ndinatero.

"Ngakhale si abale ao?"

"Ngakhale si abale ao."

Anakhala cete nthawi yaitali, nandibwezera cithunzico, nayamba kufunsa za mtengo wa feteleza.

Lolemba lace ndinatsitsa kaundula wa caka cija, ndi kupeza tsamba la Lacisanu lija, timizere tanga tiri pomwepo. Mnyamata wa simenti uja ndinamfunafuna masabata atatu, pakuti nyumba imene anali kumanga inatha ndipo anchito anabalalika. Ndinakampeza pa nchito ina kunja kwa mzinda. Anakumbuka dzina la mtsinje, ndi dzina loyamba la mlongo wace wa womwalirayo. Kalata yanga yoyamba inabwerera yosatsegula. Yaciwiri ndinaitumiza mwezi watha kwa mfumu ya dera limene mtsinjewo udzera, ndipo ndaikamo nambala ya manda.